Nsapato Zofiira Pathabwa

Achemwali anga sankakhulupirira pepala. Ankati papepala munthu amalemba zimene akufuna, pepalalo silimutsutsa. Chimene anachikhulupirira kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndi thabwa lalitali lokhazika pa njerwa zinayi, pakhomo pa chipinda cha ana, pamene ana amasanjapo nsapato zawo.

Ine ndine mng'ono wawo, ndimasoka zovala. Makina anga ali pakhonde la nyumba yomweyo, choncho zochitika pabwalopo ndimaziona ndili pampando, ndifune ndisafune. Anthu sawatchula dzina achemwali. Amangoti amayi a pageti lobiriwira, ngakhale utoto wake unasupuka kalekale moti lero ndi geti la dzimbiri.

Anayamba kulera ana a eni ali ndi zaka khumi ndi zisanu, bambo athu atangomwalira. Anagwira m'nyumba zinayi. M'nyumba yachitatu munali ana asanu, kuwonjezera a achibale amene ankabwera sukulu ikatsekera, ndipo mayi wa m'nyumbamo sankalola nsapato mkati. Kumeneko ndi kumene achemwali anatulukira nzeru yawo. Ana sawerengeka, amatero mpaka lero. Ukafika pa wachisanu, woyamba uja wazungulira kale kumbuyo ndipo ukumuwerenganso kachiwiri. Koma nsapato zimakhala pomwe wazisiya.

Atatopa ndi kugona m'makhitchini a anthu anatsegula malo awoawo, m'chipinda chachikulu cha nyumba imene anatisiyira amayi. Amene amabweretsa ana ndi anthu oti ntchito yawo siidikira: ogulitsa kumsika, ophika buledi, osesa m'maofesi, ndi bambo mmodzi woyendetsa basi amene mkazi wake anamwalira. Malamulo a pathabwa anali atatu. Mwana akamalowa amavula. Akamatuluka amavala. Ndipo palibe wogwira nsapato za mwana koma mwini wake yekha. Thabwa likadzaza ndiye kuti onse ali mkati, pakakhala mpata ndiye kuti wina akadali panja. Lamulo lachitatulo ndinkalidziwa bwino, chifukwa tsiku lina anandimenya padzanja ana akuona, ine munthu wa zidzukulu, nditangowongola nsapato imodzi imene inagona chammbali.

Pa zaka zonsezo sanatayepo mwana, ndipo ankanena zimenezi kawirikawiri kuposa mmene zinkafunikira.

Kenaka kunabwera malamulo atsopano a boma. Aliyense wosunga ana a anthu anayenera kulembetsa, kupita ku maphunziro a masiku asanu, ndi kulandira chiphaso akamuyendera. Ana khumi ndi anayi ankafunika akuluakulu awiri, ndiye achemwali anangolemba dzina langa osandifunsa. Ndinapita nawo. Ndisaname, masana ambiri ndinkawodzera, muholomo munkatentha ndipo mphunzitsi wake ankalankhula ngati akuwerenga kalata ya maliro. Koma achemwali ankakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo. Anatiphunzitsa kusamba m'manja, kupatula mwana wodwala, kusapereka mankhwala popanda kholo kulemba, kuvundikira madzi, kukweza chotsekera cha geti kuti mwana asachifikire. Anatipatsa chidole cha labala kuti tiyesere kuthandiza mwana wotsamwidwa, ndipo achemwali anachimenya pamsana mpaka mutu wake unaguluka. Holo yonse inaseka, iwo ayi.

Zonse zofuna manja anazichita sabata yomweyo. Mgolo wa madzi unapeza chivundikiro ndi loko. Chotsekera cha geti chinakwera mpaka ine wamfupi ndinkachita kunyanyamphira. Sopo anamangirira pachingwe pafupi ndi ndowa. Chimodzi chokha ndi chimene chinawakanika, kaundula. Lamulo linkati nthawi iliyonse ana akachoka pamalo ena kupita pena, uitane dzina lililonse, uone nkhope ya mwanayo, kenaka uchonge. Achemwali amawerenga pang'onopang'ono, sukulu anailekera panjira, ndipo maso awo ayamba kuchita chifunga. Mizere ya m'bukumo inkawasokoneza. Ndiye ankatuluka, kuwerenga nsapato ndi chala, kubwerera mkati ndi kuchonga mayina onse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nditawafunsa anandiyankha kuti boma likufuna buku, buku alipatsa, koma ana awo awadziwa ndi thabwa.

Kalata inafika Lolemba, yonena kuti woyendera abwera Lachinayi m'mawa. Mayi wina wosunga ana wa msewu wakumunsi anali atamutsekera kale mwezi wathawo, ana ake onse anabalalika. Achemwali ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Madzulo a Lachitatu tikukolopa anaima, nsanza ili m'manja, ndi kundiuza osandiyang'ana:

"Akanditsekera ine, ndikayambira pati? Manja angawa sadziwa china."

Ndinawauza kuti asiye zobwebweta, nyumba yawo ndi yoyera kuposa chipatala. Koma nanenso mtima unali m'mwamba. Zinthu zonse zosaoneka bwino, matiresi akale, mabeseni obooka, mpando wothyoka mwendo, tinaziunjika m'kanyumba ka malata kosungiramo makala, kamene kali kuseri kwa mulu wa mchenga woseweretsa ana.

Pakati pa ana khumi ndi anayiwo panali kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka kamene tinkakatcha Kachetechete. Mayi ake amaphika buledi ndipo amayamba ntchito sikisi koloko, ndiye mwanayo ankakhala woyamba kufika. Sankalira, sankalimbirana zidole, ukamufunsa kanthu ankangokuyang'ana ndi maso aakulu. Malamulo a pathabwa ankawasunga kuposa aliyense. Nsapato zake zinali zofiira, zapulasitiki, ndipo lamba wa yakumanzere ndinamusoka ndine ndi ulusi wakuda. Lachinayi limenelo phala lake sanamalize. Achemwali anaona, anati amudyetsanso nthawi ina, koma maso awo anali kugeti.

Naini koloko inakwana, woyendera osaoneka. Hafu pasiti naini ana anatuluka kukasewera monga mwa masiku onse. Teni koloko achemwali anagogoda chivundikiro cha poto ndi supuni, ana anathamangira pakhomo, kuvula, kulowa. Mkatimo awiri anayamba kukokerana mpando, achemwali analowa kukawaleretsa. Ine ndinadzuka pamakina kuti ndizungulire bwalo komaliza. Ndinatola kapu, ndinatola mpira. Chitseko cha kanyumba ka makala ndinachipeza chotseguka pang'ono, ndinachikankha ndi phazi ndi kukoka mpiringidzo, kuti mlendo asaone manyazi athu. Pansi pomwepo panali nsapato zofiira. Mumtima ndinati taonani ana awa, lero lomwe lino. Ndinazitola ndi kukaziika pathabwa, pampata umene unalipo.

Achemwali anatuluka, anawerenga ndi chala milomo ikugwedera, anakwanitsa nsapato za ana khumi ndi anayi, anatseka chitseko. Ndinawaona akuwerenga. Ndikukumbuka kuti ndinakondwa kuti thabwa likuoneka bwino.

Kenaka kunabwera mayi wina kudzatenga diresi lake. Tinakangana pang'ono za kutalika kwa manja, anapita, ndipo potuluka anangokoka geti. Chotsekera chili mkati, wotseka ndinayenera kukhala ine. Ndinati ndimalize kaye mzere umodzi.

Woyendera anafika teni koloko itapitirira ndi mphindi makumi anayi. Anali mayi wowonda, wa nsapato zafulati zodzaza fumbi, atanyamula chikwama cha mapepala. Anapereka moni mwaulemu, tiyi anakana, ndipo mawu ake oyamba a ntchito anali akuti geti walipeza lotsegula. Achemwali anandiponyera diso limene ndinalimva mpaka kumsana. Mayiyo analemba kanthu kakafupi. Anagwedeza loko wa pamgolo, ananunkhiza chimbudzi, anatsegula bokosi la mabandeji ndi kuwerenga masiku a pa botolo lililonse. Ankagwedeza mutu movomereza, ndipo ndinaona mapewa a achemwali akutsika pang'ono. Tinalowa kwa ana. Anapempha kaundula, anaona kuti wachongedwa bwinobwino, kenaka anawabwezera.

"Itanani mayina, mayi, ndione mmene mumachitira."

Achemwali anayandikitsa buku kumaso. Ankaitana dzina limodzi, mwana ndi kukweza dzanja, ena kukuwa, ena kubisa nkhope. Zinkayenda pang'onopang'ono koma zinkayenda. Pa dzina la khumi ndi chimodzi panalibe woyankha. Achemwali anaseka pang'ono ndi kufotokoza kuti ameneyo ndi Kachetechete, sayankha ngakhale kwa mayi ake. Woyendera anamwetulira nawo, ndipo anapempha kuti angomulozera.

Chala cha achemwali chinayenda pamitu ya ana kuchokera kukhoma mpaka kuzenera. Chinabwereranso. Anasuzumira kuseri kwa chitseko, anatukula mulu wa mabulangete, anagwada kuyang'ana pansi pa tebulo. Kenaka anatuluka, ine pambuyo, ndi kukaima pathabwa.

"Nsapato zake zilipo," anatero. Ananenanso kachiwiri, motsitsa mawu, ngati akuuza nsapatozo.

Ndinawauza kuti ndinazitola pabwalo ndine. Sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anangondiyang'ana, nkhope yawo itasanduka ya munthu amene sindikumudziwa, kenaka maso athu tonse anapita kugeti.

Woyendera anali ataima pakhomo. Anati iye akhala ndi ana khumi ndi atatuwo, ife tithamange. Achemwali anayambira kumgolo. Loko anali wotseka, mayi uja anali atangomugwedeza kumene, koma anafuna kuona ndi maso awo. Makiyi anagwa kawiri. Atatukula chivundikiro munali madzi okha ndi nkhope yawo. Ine ndinayang'ana m'chimbudzi, kuseri kwa nyumba, pansi pa makina anga. Tinatulukira pageti, iwo kumanja ine kumanzere.

Msewu wathu ndi wopapatiza koma magalimoto onyamula mchenga amadutsamo ngati kwawo. M'mbali mwake muli ngalande yakuya, ndipo sabata imeneyo munali madzi akuda ofika m'mawondo. Ndinafunsa wa pagolosale, sanaone mwana. Ndinafunsa wokonza njinga, anati ana amadutsa ambiri. Ndinkafotokoza juzi yachikasu, mwana wopanda nsapato. Nditacheuka ndinaona achemwali atagwada m'matope, mutu uli pansi pa kamlatho ka ngalande, akuitana dzina lenileni la mwanayo. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba. Wina anati tiimbire apolisi, wina anati tiyambe tauza mayi ake. Ine ndinkangoganiza za mayi ameneyo ali pa uvuni, manja ali mbuu ndi ufa, osadziwa kanthu.

Achemwali anadzuka, matope ali m'mawondo ndi m'zigongono. Anabwera molunjika kwa ine ndi kundigwira pamkono mwamphamvu.

"Unazipeza pati?"

Ndinati pamchenga.

"Pamchenga pati? Zinali bwanji? Zomwazika?"

Ndinatseka maso kuti ndikumbukire. Sizinali zomwazika. Zinali zogundana bwinobwino, zonse zitaloza kumodzi, ngati mmene amaziikira pathabwa.

"Mwana uja savula nsapato pabwalo," anatero achemwali. "Amavula akamalowa."

Sindikudziwa kuti mayi wa msinkhu wawo anathamanga bwanji chonchija. Nditafika ine anali atakoka kale mpiringidzo umene ndinatseka ndi dzanja langa. M'kanyumbamo munatuluka mpweya wotentha ngati wa m'uvuni, dzuwa linali litawomba malata kuyambira m'mawa. Kachetechete anali atadzipinda pamatiresi akale aja, juzi ili m'thupi, maso otseka. Milomo yake inali youma, ndipo ankapuma mofulumira ngati kamwana ka nkhuku. Achemwali atamunyamula mutu wake unagwera paphewa pawo. Anatsegula maso pang'ono, anawayang'ana, osalira.

Anamugoneka pamthunzi pakhonde, anamuvula juzi, anandituma madzi ndi kansalu. Thupi lake linkaotcha m'manja. Ine ndi mantha anga ndinathamangira m'chikwama changa ndi kutulutsa mankhwala oziziritsa thupi amene ndimasungira adzukulu anga. Achemwali anakankha dzanja langa. Anati sitikudziwa chimene wamwa kale kunyumba, ndiimbire mayi ake ndi kuitana njinga yamoto. Ankamupukuta pakhosi ndi m'khwapa, kumudonthezera madzi pamilomo ndi supuni, uku akumulankhula zinthu zopanda mutu, za phala limene sanamalize, za mpira. Mwanayo atameza kachiwiri njinga inafika. Anakwera naye njinga kupita kuchipatala, mwana ali pachifuwa, mapazi ake ali pamtunda.

Ndinatsala ndi woyendera ndi ana khumi ndi atatu. Mayiyo anandithandiza kuwadyetsa ndi kuwagoneka. Anadikira mpaka achemwali atabwerako cha m'ma thuu koloko. Achemwali anatiuza kuti mwana amugoneka, amuika madzi a m'mitsempha, adokotala ati akhala bwino. Anati mayi ake anafika kuchipatalako akulira, ndipo anaulula kuti mwanayo anatentha thupi usiku, anamumwetsa mankhwala m'mawa ndi kumubweretsa osanena, poopa kuti akajomba ntchito imuthera. Apa ndinamvetsa chimene achemwali anakankhira dzanja langa.

Tinakhala atatu pakhonde. Woyendera anatsegula kaundula pa tsamba la tsikulo ndi kufunsa kuti anachonga dzina la khumi ndi chimodzi teni koloko ndani. Ndinayamba kufotokoza za nsapato, za mpiringidzo, za geti, kuti zonsezo ndine. Achemwali anandidula.

"Iyeyu anatola nsapato. Koma wochonga ndine. Mwanayo sindinamuone, ndinachonga."

Mayiyo anati waona mgolo, waona sopo, waonanso mmene anamusamalira mwana atamupeza, ndipo zonsezo azilemba. Koma kwa mphindi zoposa makumi anayi mwana kunalibe, buku likunena kuti alipo. Zimenezo sangazilumphe. Anati titseke kwa masabata awiri, tibwerere ku maphunziro tsiku limodzi, ndipo iye adzabweranso osanena tsiku. Achemwali anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, matope a m'ngalande atawaumira m'zigongono.

Masiku anayi sanandilankhule. Tinkadya mbale imodzi ngati anthu okumana pa depoti. Ine ndinkapsa mtima, pena ndi iwo, pena ndi mayi wa buledi, pena ndi diresi lija, koma ndikagona ndinkamva phazi langa likukankha chitseko cha malata. Tsiku lachisanu anabwera pamakina ndi katoni yaikulu yodula ndi cholembera chakuda. Anati ndilembe mayina onse khumi ndi anayi, zilembo zazikulu ngati dzanja, zoti aziziona ali chiimire. Ndinalemba. Anaikhoma kukhoma ndi misomali inayi, ndipo masana onse ndinkawamva m'chipinda chopanda ana akuyeseza kuitana.

Titatsegulanso anabwera ana khumi. Patapita mwezi anakwana khumi ndi awiri, bambo wa basi ndiye anali woyamba kubwerera. Woyendera anabweradi tsiku lina mvula ikugwa, ndipo chiphaso chili pakhoma tsopano, m'pulasitiki. Masiku ano achemwali akaitana dzina amadikira mwanayo abwere, amamugwira masaya ndi manja awiri, kenaka pachipumi, ndiye amachonga. Zimatenga nthawi, phala limazizira, ana amanyinyirika. Awiri anawabwezapo kunyumba m'mawa chifukwa cha kutentha thupi, makolo akudandaula pageti, iwo osasunthika.

Kachetechete anachira, koma sanabwerenso. Mayi ake akationa amawoloka msewu. Sindikudziwa ngati ndi mkwiyo kapena manyazi, mwina ndi zonse. Kuchipatala mwanayo anapita wopanda nsapato, ndiye zofiira zija zinatsala pathabwa, pampata pomwe ndinaziika. Tsiku lina ndinazitenga kuti ndikazipereke kophikira buledi. Achemwali anandiona ali pazenera.

"Zibwezere pomwepo."

Ndinati mwana wa eni akuzifuna, komanso zikusokoneza chiwerengero, thabwa likumapitirira ndi mwana mmodzi tsiku lililonse.

"Ndikudziwa," anatero. "Chala changachi chimafunabe kuwerenga. Chikafika pa zofiirazo chimaleka."

Ndinazibwezera. Zakhala pamenepo chaka ndi miyezi itatu tsopano, dzuwa lazifufutsa, ndipo mwini wake sizingamukwanenso. M'mawa uliwonse achemwali amazipukuta fumbi, koma osazisuntha.